Aphunzitsi anzanga, tisamaimire pa ziro

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandauleko pang'ono kudzera m'nyuzipepala yanu, makamaka kwa aphunzitsi anzanga a masamu ndi fizikisi ku sekondale komanso makolo amene amakhala pansi madzulo nkumathandiza ana homuweki. Nkhani yake ndi ya distance ndi displacement. Mwana aliyense amene akukonzekera MSCE akhoza kukulakatulirani ali mtulo kuti distance ndi mtunda wonse umene wayenda pomwe displacement ndi kutalika kwa pamene wathera kuchokera pamene unayambira, nkutchulanso mbali imene walowera. Chitsanzo chake nchomwechomwecho chaka ndi chaka, wothamanga wazungulira giraundi mamita 400 wabwerera pomwe anayambira, distance 400, displacement ziro, ana alemba, aphunzitsi achonga, belu lalira, basi zatha. Sikuti nzabodza ayi. Koma timaimira pomwepo pamene nkhani yokoma ili patsogolo pang'ono chabe, ndipo ziro imeneyi ikakhazikika mmutu mwa mwana imadzamupusitsa mtsogolo pa zinthu zimene sizikhudzana nkomwe ndi mayeso.

Funso limene ndikufuna tiziwafunsa ana ndi ili. Munthu waima pa mzere wowongoka, mmanja ali ndi ndalama yachitsulo. Aponya mmwamba, ikagwa mbali iyi aponda sitepe imodzi kumanja, ikagwa mbali inayo sitepe imodzi kumanzere, nde azingotero, kuponya kuponda kuponya kuponda, iye alibe kumene akufuna kupita, ndalama ndi imene ikumuyendetsa. Amasamu amati random walk, kuyenda mwachisawawa. Akaponda masitepe 100 akhala ali pati?

Distance ndi yosavuta, 100. Displacement ya munthu mmodziyo palibe angaidziwe asanayende, olo aprofesa. Nde timafunsa avereji, kuti anthu ambirimbiri atachita masewera omwewa athera pati. Mwana wochangamuka aimika mkono nkunena kuti ziro sala, poti mwayi wopita kumanja ndi wopita kumanzere ndi wofanana. Wakhoza. Koma tamufunsani kuti ndiye kuti chani, akuuzani kuti ndiye kuti munthuyo sapita kulikonse amangovinavina pamalo amodzi, ndipo apa ndi pamene pagona bodza. Ziro ija yabwera chifukwa wina amene wathera masitepe 12 kumanja wafafanizana ndi mnzake amene wathera 12 kumanzere, pulasi ndi mainasi zadyana pa pepala, koma anthu awiriwo ali patali ndithu ndi poyambira, palibe mmodzi yemwe amene waima pa ziro.

Tiyeni tiwerenge ndi masitepe 4 okha kuti aliyense athe kutsimikiza yekha kumbuyo kwa kope. Ndalama ikaponyedwa kanayi pali njira 16 zimene ingagwere. Mwa njira 16 zimenezi, 6 zimakubwezera pomwe unayambira, 4 zimakusiya masitepe 2 kumanja, 4 zina masitepe 2 kumanzere, imodzi imakufikitsa pa 4 kumanja ndipo yotsalayo pa 4 kumanzere. Mukawonkhetsa ndi mapulasi ndi mamainasi ake mupezadi ziro. Tsopano iwalani za mbali, mungofunsa kuti munthuyu ali patali bwanji ndi poyambira. Njira 8 zamusiya pa 2, ndiye 16. Njira 2 zamusiya pa 4, ndiye 8. Zonse pamodzi 24, kugawa ndi 16, mupeza 1.5. Nde avereji ya displacement ndi ziro koma avereji ya kutalikira kwake ndi sitepe imodzi ndi theka, mayankho awiri a masewera amodzi, onse olondola, kungoti mafunso ake ndi osiyana. Ndipo onaninso kuti mwa njira 16 zija zokwana 10 sizimubwezera kwawo munthuyo.

Pali njira yachitatu imene amasamu amaikonda kuposa zonsezi chifukwa imatuluka bwino kwambiri. Nambala iliyonse muitaimuse ndi iyo yomwe kuti mainasi afe. 2 akhala 4, 4 akhala 16. Njira 8 kutaimusa 4 ndi 32, njira 2 kutaimusa 16 ndi 32, pamodzi 64, kugawa ndi 16, yankho 4. Masitepe 4, yankho 4. Sizinangochitika mwamwayi. Yesani ndi masitepe 2 mupeza 2, ndi masitepe 100 mukanakhala ndi nthawi mukanapeza 100. Chifukwa chake mwana wa fomu 2 amene waphunzira kutsegula mabulaketi akhoza kuchimva: ngati uli pa D, sitepe yotsatira ikufikitsa pa D+1 kapena D-1, square ya D+1 ndi D²+2D+1, square ya D-1 ndi D²-2D+1, ukatenga avereji ya ziwirizi ma 2D aja amadyana nkutsala D²+1. Kutanthauza kuti sitepe iliyonse, kaya uli pafupi kaya uli kutali, imawonjezera 1 pa avereji ya square. Nde ukaponda masitepe N avereji ya square ndi N, ndipo kuti tibwerere ku masitepe enieni timatenga square root. Ine chiyambire kuphunzitsa sindinaonepo umboni wina waufupi chonchi umene umanyamula katundu wolemera chonchi, ndipo zimandiwawa kuti ana ambiri amamaliza fomu 4 osauonako.

Ndiye masitepe 100, square root yake 10. Avereji wamba ya kutalikira ija imakhala yocheperako pang'ono, masitepe akachuluka imayandikira 0.8 kutaimusa square root, nde pa 100 ndi pafupifupi 8. Masitepe 400, 20 kapena tinene 16. Taonani bwino apa, mwachulukitsa masitepe kanayi koma kutalikira kwangowirikiza kawiri. Tiyerekeze kuti sitepe iliyonse ndi mita imodzi. Munthu waponda masitepe 10,000, miyendo yayenda makilomita 10, thukuta kamukamu, koma mukamufuna mukamupeza cha mmamita 80 kapena 100 kuchokera pomwe anayambira, kutalika kwa giraundi ya mpira basi. Aponde 1,000,000, makilomita 1,000 amenewo, kuposa kuyenda msewu wa Blantyre kukafika ku Lilongwe katatu, koma kutalikira kwake nkongoyandikira kilomita imodzi. Amapita patali ndithu ndipo kutalikirako kulibe malire, kumangokulirakulira, koma kumakula mwaulesi woopsa.

Zimenezi sizifuna labu, sizifuna kompyuta, sizifuna thandizo la mabungwe. Tulutsani kalasi yonse pa giraundi, aime pa mzere wapakati uja atayang'ana mbali imodzi, aliyense ndi kandalama kake. Mphunzitsi aziomba mmanja, akaomba aliyense aponye, ikagwa uku sitepe kutsogolo ikagwa uko sitepe kumbuyo. Poyamba pamakhala phokoso ndi kuseka, ndalama zikugwera mu udzu, wina akunamiza kuti apite kumene kwapita mnzake, koma mukafika cha mma 16 muwauze aime chilili ayang'ane uku ndi uku. Mzere uja wasanduka chigulu chotambasuka, pakati pali anthu ambiri, kumapeto kuli mmodzimmodzi, ndipo nthawi zonse pamapezeka kamwana kena kamene kapita patali kokhakokha nkumakuwa kuti ndalama yake ili ndi mankhwala. Masamu amati pa masitepe 16 pafupifupi mwana mmodzi mwa 5 aliwonse ndi amene amakhala ndendende pa mzere, avereji ya kutalikira ndi masitepe 3 ndi kakanyenyeswa, ndipo woti onse 16 apite mbali imodzi ndi mmodzi mwa 32,768. Kenako muwafunse kuti pakati pa gulu lonseli ndi pati, aloza pa mzere. Muwafunsenso kuti nanga ndi angati ali pa mzerepo, aona okha kuti ndi ochepa. Mwana amene waona izi ndi maso ake, ali ndi fumbi kumapazi, sadzasokonezanso ziro ya avereji ndi kukhala pamalo amodzi.

Mwina mukudabwa a Mkonzi kuti masamu akufuna chani pa tsamba la makalata. Komatu nkhaniyi dzina lake inalipezera pa tsamba la makalata. Mu July 1905 Karl Pearson, katswiri wa statistics wa ku University College London, analemba kalata yaifupi ku magazini ya sayansi ya Nature kupempha owerenga kuti amuthandize. Funso lake linali la munthu amene akuyenda mtunda wofanana mowongoka kenako nkutembenukira mbali ina iliyonse, nkuyendanso mtunda womwewo, nkutembenukanso, kambirimbiri, nde mwayi woti apezeke pa mtunda wakutiwakuti kuchokera poyambira ndi wotani. Sabata yotsatira yomwe Lord Rayleigh, katswiri wa fizikisi wa ku England, anayankha kuti iye anali atathana nalo kale funso lotere mu 1880 pamene ankafufuza za mafunde a phokoso. Pearson pothokoza anaponyapo nthabwala yoti phunziro lake ndi lakuti munthu woledzera amene akutha kuimabe ndi miyendo yake, malo oyamba kukamufuna ndi cha pafupi ndi pomwe anayambira. Ndipo ananena zoona, olo pa mzere wathu uja malo amodzi amene ali ndi mwayi waukulu kuposa ena onse ndi pa ziro pomwepo, kungoti mwayiwo pa masitepe 100 ndi 8 pa 100 basi, enawo 92 ali kwina. Ya Pearson inali ya pabwalo osati pa mzere, koma square root ndi yomweyo, chimasintha ndi kanambala kakutsogolo kaja, mmalo mwa 0.8 kamakhala pafupifupi 0.89.

Koma Pearson sankafuna zidakwa ayi, mmutu mwake munali udzudzu, ndipo apa ndi pamene nkhaniyi ikutikhudza ife amene malungo ndi mlendo wa chaka chilichonse mvula ikayamba. Ronald Ross, dokotala amene mu 1897 ali ku India anapeza tizilombo ta malungo mmimba mwa udzudzu nkulandira mphoto ya Nobel mu 1902, ankalimbikitsa zoti anthu azikwirira zithaphwi ndi kuchotsa malo oswanirana udzudzu. Omutsutsa ankati nkutaya nthawi, mukachotsa wa pano ubwera wina kuchokera kutali nkudzaza malo. Mu 1904 pa msonkhano ku St Louis ku America, Ross anayankha ndi masamu a kuyenda mwachisawawa omwewa, kuti udzudzu ngati ukuuluka uku ndi uku wopanda cholinga, wambiri umathera pafupi ndi pomwe unabadwira ndipo umene umafika patali umachepa kwambiri mtunda ukamakula. Tangoganizani, kuti ufike patali kawiri ukufunika nthawi yochuluka kanayi, patali katatu nthawi kasanu nkanayi, pomwe moyo wa udzudzu ndi wa masabata ochepa. Nde mudzi ukagwirizana nkusamala dera lalikulu ndithu, pakati pa deralo udzudzu umachepadi olo kunja kukhale wambiri. Pearson anadzalemba za nkhani yomweyi mwatsatanetsatane mu 1906. Tsono pasapezeke wina wopinda neti nkuisunga mu sutikesi ati aphunzitsi anena kuti udzudzu sufika patali. Udzudzu weniweni suponya ndalama, umatsata fungo la thupi ndi mpweya umene timapuma, komanso mphepo imatha kuunyamula. Masamuwa akungotiuza kuti chithaphwi cha kuseri kwa bafa lanu ndi choopsa kwa inu kuposa dambo limene lili kutsidya kwa phiri.

Chaka chomwecho cha 1905 Albert Einstein naye anali pa nkhani yomweyi osadziwana ndi Pearson. Kalekale mu 1827 Robert Brown, katswiri wa zomera wa ku Scotland, anaona pa microscope tinthu ting'onoting'ono tochokera mu mungu wa maluwa tikunjenjemera mmadzi osaima. Einstein anafotokoza kuti kanthu kotere kakukankhidwa mbali zonse ndi mamolekyu a madzi, ndipo anati musavutike kuyeza liwiro lake kapena mtunda wonse umene kayenda, yezani kuti kasuntha bwanji kuchokera pomwe kanali, mupeza kuti zikukula ngati square root ya nthawi. Wasayansi wina, Jean Perrin, ku Paris anayezadi kuyambira mu 1908, zinagwirizana, ndipo anthu ambiri amene ankakayikabe zoti maatomu alipodi anagonja. Perrin analandira Nobel mu 1926. Anzathu a bayoloje amaphunzitsa diffusion, kufalikira kwa mamolekyu mwachisawawa, koma kawirikawiri sanena chifukwa chake imagwira ntchito pa kamtunda kakang'ono kokha. Oxygen mmadzi oima kuti ifalikire milimita imodzi zimatenga maminitsi ngati 4. Sentimita imodzi, imene ndi kutalika ka 10, nthawi yake ichuluka ka 100, maola ngati 7. Mita imodzi ndi zaka pafupifupi 8. Nchifukwa chake kachilombo ka selo imodzi kalibe mtima koma inu ndi ine tikufunika pampu yoti izithamangitsa magazi, tikanadalira diffusion yokha chala chakuphazi chikanadikira mpweya zaka.

Tsopano pali chinthu chimodzi choti musamale mukamachita masewera a pa giraundi aja. Ndalama zachitsulo masiku ano zikusowa, ana ambiri abweretsa zitsekerero za mabotolo a zakumwa, ndipo chitsekerero si chachilungamo, mbali zake sizofanana nde palibe chifukwa choti chizigwa theka uku theka uko. Musawakanize, ndi phunziro lina labwino kuposa loyamba lija. Tingoyerekeza kuti chimagwa chagada ka 55 pa 100 paliponse, chafufumimba ka 45. Kusiyana kwake kukuoneka kochepa eti? Pa masitepe 100 gulu lonse lasunthira mbali imodzi ndi masitepe 10, pomwe kumwazikana kwachisawawa kuja nakonso ndi cha mma 10, nde simungazindikire bwinobwino, ena akadali mbali inayo ndipo akuona ngati zikuwayendera. Pa masitepe 10,000 kusuntha kwa gulu ndi 1,000 pomwe kumwazikana ndi 100 yokha. Palibenso amene ali mbali inayo. Kukondera kumakula molingana ndi masitepe, mwayi umakula ndi square root basi, nde pakapita nthawi kukondera kumapambana nthawi zonse.

Anyamata athu amene akungokhalira kubetcha pa foni ndimafuna atamva ndime imeneyi. Tiyambe ndi masewera achilungamo, opanda kubera kulikonse, K1,000 pa kuponya kulikonse, ukawina ulandira K1,000 ukaluza upereka K1,000. Avereji ndi ziro, nde munthu amati palibe choopsa ndingobwerera pomwe ndinali. Koma akaponya ka 100 amakhala atapindula kapena kuluza cha mma K8,000, ndipo ngati analowa ndi K5,000 yokha mthumba, mwayi woti ndalamayo itheretu asanafike nkomwe pa 100 ndi pafupifupi 6 pa 10. Amenewo ndi masewera achilungamo. Pomwe kampani ya betting siingakupatseni achilungamo, ma odds amawakonza kuti pa tikiti iliyonse kachigawo kena katsalire iwo, apo ayi bwenzi atatseka kalekale, ndiye chitsekerero chija chimenecho. Wina amawinadi, ndipo amene wawinayo ndi amene timamumva akukuwa pa WhatsApp, ali ngati kamwana kaja kanapita patali kokhakokha. Amene amabetcha kamodzi pa chaka akhoza kutuluka ali pamwamba. Wa tsiku ndi tsiku akuchulukitsa N, ndipo N akamakula square root imatsalira kumbuyo. Zoti mitengo ya pamsika wa ndalama imayenda ngati random walk anazilemba kale Louis Bachelier ku Paris mu 1900, asanabwere nkomwe Pearson ndi Einstein, nde achinyamata a forex nawonso asadzione ngati iwo nkhaniyi siikuwakhudza.

Kanthu kena kongosangalatsa. George Pólya, katswiri wa masamu wochokera ku Hungary amene ankaphunzitsa ku Zürich, anasonyeza mu 1921 kuti woyenda mwachisawawa pa mzere, kapena mmisewu yopingasana ya pamalo afulati, akapatsidwa nthawi yopanda malire adzabwerera ndithu pomwe anayambira, mosakayika. Koma mukawonjezera mbali yachitatu, kukwera ndi kutsika, mwayi wobwerera umagwa kufika pafupifupi 34 pa 100. Nde taonani mmene zinthu ziwiri zooneka ngati zotsutsana zikukhalira limodzi, avereji ya kutalikira ikukulirakulira koma munthuyo adzadutsabe pakhomo, kungoti akhoza kuchedwa zedi. Ana anzeru mkalasi amakangana nazo izi mpaka nthawi ya buleki kutha, ndipo ine ndimangowasiya.

Ndikudziwa anzanga anena kuti silabasi ndi yaitali, nthawi ndi yochepa, ana ndi ambiri mkalasi, ndipo random walk siibwera pa mayeso. Zoona. Koma probability imabwera, square root imabwera, kutsegula mabulaketi kumabwera, distance ndi displacement zimabwera, diffusion imabwera, ndipo timaziphunzitsa chilichonse pachokhapachokha ngati sizidziwana, pomwe piriyodi imodzi pa giraundi ikhoza kuzimanga zonse mtolo umodzi. Pempho langa kwa inu a Mkonzi ndi loti pa tsamba la maphunziro muzitipatsako kadanga ka mafunso otere mChichewa, kuti ndi makolo omwe azitha kuyesa ndi ana awo pakhonde. Loyamba ndiponyeretu: masitepe 6, njira zake zilipo 64. Pezani kuti ndi zingati zimene zimathera pa ziro, pa 2, pa 4 ndi pa 6, kenako avereji ya kutalikira. Mukapanga ma square nkugawa ndi 64 yankho likapanda kutuluka 6 ndiye kuti pena mwadumpha njira, bwererani mukawerengenso.

Mphunzitsi wa masamu,
Dedza